Pulagi ikutentha, breaker ikugwa, batire silikufika m'mawa: werengani kaye musanagule china

Madandaulo a magetsi kuno ku Zomba ndi omwewomwewo chaka ndi chaka. M'mahositelo a ophunzira ku Chikanda, ekisitenshoni imasungunuka nthawi yophika. M'nyumba za lendi ku Matawale ndi ku Chinamwali, breaker, swichi ija imene imadula yokha magetsi akachuluka, imagwa simbi ikangolumikizidwa. Kwa amene amadalira sola cha ku Jali, Thondwe ndi Songani, TV imazima mpira uli mkati. Munthu amagula pulagi ina kapena batire lina, mwezi usanathe vuto labwereranso, chifukwa chimene chinasinthidwacho si chimene chinayambitsa. Ambiri mwa mavutowa amaoneka papepala utsi usanatuluke, bola mudziwe kuchulukitsa ndi kugawa.

## Masamu amene mufunika

Pali zinthu zinayi. Voltage ndi mphamvu yokankha magetsi, imayezedwa mu ma volt. Current ndi kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa mu waya, mu ma amp. Resistance ndi mmene chinthu chikukanizira magetsi kudutsa, mu ma ohm. Ma watt amasonyeza ntchito imene ikugwirika kapena kutentha kumene kukutuluka. Mgwirizano wa zitatu zoyambirirazo anaufalitsa Georg Ohm wa ku Germany mu 1827.

- ma watt = ma volt × ma amp
- ma amp = ma watt ÷ ma volt
- ma ohm = ma volt ÷ ma amp
- kutentha kwa mu waya, mu ma watt = ma amp × ma amp × ma ohm

Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a ma volt 230. Tembenuzani ketulo yanu, kunsi kwake mupeza kachikwangwani kolembedwa mwina 2000W. Ndiye 2,000 ÷ 230 = ma amp 8.7, ndipo 230 ÷ 8.7 = ma ohm 26.4. Mbaula yamagetsi ya ma watt 1,500 imakoka ma amp 6.5. Simbi ya ma watt 1,200 imakoka 5.2.

Mzere wachinayi uja muusunge bwino. Ma amp amalowamo kawiri, choncho akawirikiza, kutentha sikuwirikiza chabe koma kumakwera kanayi. Moto wa m'nyumba umatha kuyambira pamenepa.

Zimene mungachite nokha ndi kuwerenga zikwangwani, kuchita masamu, kuyeza chipangizo chimene mwachizula pa soketi, ndi kuyeza za ma volt 12. Kutsegula bokosi la ma breaker kapena kugwira mita si kwanu.

## 1. Pulagi, soketi kapena ekisitenshoni ikutentha

Mwailemetsa. Ichi ndicho chimachitika kwambiri. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito kuno inapangidwira ma amp 13, ndipo 13 × 230 ndi ma watt 2,990. Awa ndi malire a ekisitenshoni yonse, kaya ili ndi mabowo anayi kaya asanu ndi limodzi. Ketulo ndi mbaula zikayaka pamodzi, 8.7 + 6.5 = 15.2, mwapitirira kale. Wonkhetsani ma watt a zonse zimene mwalumikiza. Chilichonse chotenthetsa, kaya ketulo, simbi, mbaula kapena hita, chipite chokha pa soketi ya pakhoma.

Sikulu yamasuka, kapena mano sakugwira bwino. Apa katundu akhoza kukhala wochepa koma pulagi n'kumaotchabe. Polumikizira pomasuka pamakhala ndi resistance yakeyake. Tinene kuti ndi theka la ohm: pa ma amp 10, ndiye 10 × 10 × 0.5 = ma watt 50, onsewo akutuluka pa kamalo kosaposa chikhadabo. Zulani pulagi, itseguleni. Mukapeza dzino limodzi ladera, pulasitiki yozungulira pake yasanduka yabulauni, mkuwa wa waya wachita mdima n'kumathothoka mukaugwira, ndi pomwepo. Dulani mbali yopsayo, senderani pabwino, ikani pulagi yatsopano ndipo mangani zolimba. Soketi yoti pulagi imagwedera mkati iyenera kusinthidwa. Mawaya ongolowetsa m'mabowo n'kupanikiza ndi kamtengo ka machesi ndi vuto lomweli, koma loopsa kuposa.

Nthambo ndi yowonda. Ekisitenshoni zina zimakhala zonenepa kunja koma mkati muli timawaya towerengeka. Nthambo ikamafunda yonse, osati polumikizira pokha, ndi chizindikiro chake. Yoteroyo isungireni mafoni ndi TV.

Nthambo yaitali yosakulungulula. Kutentha kumasowa kothawira. Itambasuleni yonse, ndipo musaidutsitse pansi pa mkeka kapena matiresi.

Siyani, itanani mmisiri: ngati chotentha ndi soketi ya pakhoma ngakhale palibe cholumikizidwa, ngati mukumva kuthetheka m'khoma, kapena fungo la pulasitiki yopsa likubwera osadziwa kochokera. Zimitsani main switch podikira.

## 2. Breaker ikugwa kapena fyuzi ikupsa

Funso loyamba ndi lakuti ikugwa nthawi yanji.

Ikugwa patapita mphindi zingapo: katundu wachuluka. Pa breaker pamalembedwa nambala. Ya 20 imanyamula 20 × 230 = ma watt 4,600 pa masoketi onse amene ali pa mzere wake, ngakhale ali m'zipinda zosiyana. Ketulo, mbaula ndi simbi pamodzi ndi ma watt 4,700, musanawerengere filiji. Kukonza kwake n'kusinthana nthawi: kusita kudikire madzi awire.

Ikugwa nthawi yomweyo mukangoyatsa chinthu china: chinthucho chili ndi shoti. Chizuleni. Ikani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, pa ma ohm, gwiritsani pa mano awiri a m'munsi a pulagi, swichi ya chipangizocho ili yoyatsa. Yerekezani ndi zimene masamu akunena. Simbi ya ma watt 1,200 iyenera kusonyeza pafupifupi 230 ÷ 5.2 = ma ohm 44. Ikasonyeza ma ohm 1.0 kapena 2.0, pali mawaya akukhudzana, ndipo 230 ÷ 1 ndi ma amp 230, n'chifukwa chake breaker sikuchedwa. Pa simbi, yang'anani polowera nthambo m'chogwirira, pamene imapindikapindika tsiku lililonse.

Ikugwa nthawi ya mvula, kapena yogwayo ndi ija ili ndi batani loyesera. Imeneyo ndi earth leakage, ndipo yambiri ya m'nyumba imagwa magetsi okwana 30mA akathawira pansi, amene ndi ma amp 0.03 okha. Chinyezi chochepa chimakwanira. Mvula ya kuno m'munsi mwa phiri imalowa m'magetsi a panja, m'masoketi a pakhonde ndi m'denga lodontha. Zulani zonse, kwezani breaker, bwezerani chimodzichimodzi mpaka mupeze chogwetsa. Nthawi zambiri ndi ketulo, giza, mbaula kapena filiji. Mukayeza pakati pa dzino lililonse la m'munsi ndi dzino lalitali la pamwamba, multimeter isasonyeze nambala iliyonse. Koma dziwani kuti ikhoza kusonyeza kuti zili bwino pamene vuto lilipo, chifukwa kabatire kake n'kofooka. Mmisiri amayeza ndi chipangizo chotulutsa ma volt 500.

Makoswe atafuna mawaya m'siling'i. Mukazula zonse koma ikugwabe, vuto lili m'mawaya a nyumba. Apa ndi pa mmisiri.

Breaker yatopa. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Anthu amathamangira kuganiza zimenezi poyamba pamene ziyenera kukhala zomalizira.

Chonde, musachotse breaker ya 20 n'kuikapo ya 32 kuti isiye kuvutitsa, ndipo musamange fyuzi yopsa ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Nambala ya breaker anaisankha potengera kukula kwa waya amene ali m'khoma. Kuchoka pa ma amp 20 kufika 32, kutentha kwa wayayo kumakwera kawiri ndi theka, ndipo chimene chikanazimitsa mwachichotsa. Izi ndimazinena mobwerezabwereza chifukwa m'nyumba zotere mumagona ana.

## 3. Ketulo ikuchedwa kuwira, mababu afooka

Voltage yatsika, makamaka madzulo. Nthawi imene aliyense akuphika, nyumba za kutali ndi transformer zimalandira magetsi ofooka. Resistance ya ketulo ija ndi ma ohm 26.4 basi, siisintha. Pa ma volt 190, 190 ÷ 26.4 = ma amp 7.2, ndipo 190 × 7.2 ndi pafupifupi ma watt 1,370 m'malo mwa 2,000. Ketulo ilibe vuto, musaitaye. Chimene muyenera kudera nkhawa ndi filiji ndi pampu. Mota ikalandira voltage yochepa imalephera kudzuka, imangolira, n'kumakoka ma amp ochuluka mpaka kupsa. Filiji ikamalira n'kuchita kaphokoso ka "ke" mobwerezabwereza, izuleni. Kachipangizo koteteza filiji, kamene kamadula magetsi akatsika n'kudikira kaye akabwerera, n'kotchipa poyerekeza ndi compressor, mota ya filijiyo. Vuto likakhala la tsiku ndi tsiku ndipo anzanu oyandikana nawo akuliona, kaneneni ku ESCOM.

Nthambo yaitali yopita kunyumba ya kuseri. Waya wa mkuwa wa 1.5mm² ali ndi ma ohm pafupifupi 0.012 pa mita iliyonse, wa 2.5mm² ali ndi 0.007, wa 4mm² ali ndi 0.005 osakwana. Utali muziwerenga kawiri, popita ndi pobwerera. Nyumba ili pa mamita 40, ndiye waya ndi mamita 80, ndipo 80 × 0.012 ndi pafupifupi ohm imodzi. Alendi akayatsa ketulo ndi mbaula, ma amp 15, ma volt 15 atayika panjira ndipo ma watt 225 akutenthetsa nthambo, zolipira ndi inu. Pakufunika waya wonenepa ndi breaker yakeyake, woikidwa ndi mmisiri.

Element, waya wotenthetsa wa mkati, yaduka. Multimeter ikasonyeza OL, kapena 1 yekha kumanzere, njira yaduka. Mbaula zina zimakhala ndi ma element angapo m'mbale imodzi, ndiye imodzi ikafa mbale imangofunda.

Mababu ena akuwala mopitirira pamene ena afooka, kapena akuphethira filiji ikadzuka. Izi sizichitika kawirikawiri koma ndi zoopsa kwambiri. Waya wa neutral, wobwereramo magetsi, akhoza kukhala kuti wamasuka penapake, ndipo voltage ikhoza kukwera kupitirira 230 n'kuotcha TV, machaja ndi filiji nthawi imodzi. Zimitsani main switch, imbirani ESCOM ndi mmisiri. Musayese kufufuza nokha.

## 4. Batire la sola silikufika m'mawa

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika, chifukwa batire ndi lodula ndipo ndilo limapatsidwa mlandu.

Mukugwiritsa ntchito zambiri kuposa zimene sola ikubweza. Batire la 100Ah pa ma volt 12 limasunga 100 × 12 = 1,200Wh (Ah ndi ma amp × maola, Wh ndi ma watt × maola). Koma la asidi, kuti likhalitse, muzitapamo theka lokha, 600Wh. Tsopano werengani za usiku umodzi:

- TV ya ma watt 60, maola 5: 300Wh
- decoder ya ma watt 15, maola 5: 75Wh
- mababu 4 a ma watt 5, maola 6: 120Wh
- mafoni 8, pafupifupi 10Wh iliyonse: 80Wh

Zonse ndi 575Wh, zimene ndi 575 ÷ 12 = 48Ah, inverter, chipangizo chosandutsa ma volt 12 kukhala 230, isanadyepo gawo lake. Nanga chobwerera ndi chingati? Panelo ya ma watt 100 imatulutsa pafupifupi ma amp 5.5 dzuwa likakhala pamutu. Tsiku labwino lingakupatseni ngati maola 5 a dzuwa lotero, ndiye 27Ah. Mukuchotsa 48, mukubweza 27. Batire latsopano limabisa kusiyanaku kwa masiku ochepa, kenako limakhala lopanda moto usiku uliwonse, ndipo batire la asidi losiyidwa choncho limafa msanga. Kugula lina lalikulu sikuthetsa kanthu. Wonjezerani panelo kapena chepetsani maola a TV.

Dzuwa silikufika bwino. Mu June ndi July chiperoni chikakuta phiri, masiku angapo amadutsa panelo ikutulutsa kagawo kochepa. Mu October ndi fumbi. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango pa ngodya ya panelo umatsitsa ma amp a panelo yonse. Pukutani ndi nsalu yonyowa m'mawa isanatenthe, sadzirani nthambi, ndipo panelo ipendekere kumpoto.

Waya ndi wowonda. Pa ma volt 12 waya amavuta kuposa pa 230. TV ya ma watt 60 pa ma volt 230 imakoka ma amp 0.26, koma pa 12 imakoka 5. Ikakhala pa mamita 10 kuchokera pa batire ndi waya wa 1.5mm², ndiye 20 × 0.012 = ma ohm 0.24, ndipo 5 × 0.24 = ma volt 1.2 otayika. Batire likusonyeza 12.3, ku TV kukufika 11.1, TV n'kuzima batire likadali ndi moto. Yezani pa batire, yezaninso ku TV ili yoyaka. Zikasiyana kuposa theka la volt, sinthani waya kapena sendezani batire pafupi. Onaninso mitu ya batire: zoyera kapena zobiriwira zomera pamenepo ndi resistance, ndipo zopanira zangati za zovala sizigwira bwino pa ma amp ochuluka.

Inverter. Imadya moto ngakhale palibe choyaka, choncho muzizimitsa pogona. Ndipo katundu wa ma watt 300 ku mbali ya 230 ndi ma amp oposa 25 ku mbali ya batire. Simbi ya ma watt 1,200 ndi ma amp oposa 100. Pa batire limodzi, simbi ndi ketulo ayi.

Batire latha ndithu. Litchajeni lidzaze, lichotseni mawaya onse, lipume maola angapo, kenako yezani. Kuyambira 12.6 ndi lodzaza, 12.2 ndi theka, kutsika pa 12.0 ndi lopanda moto. Likamaima cha pa 10.5 ngakhale mwatchaja, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi chafa. Likasonyeza 12.6 koma n'kugwera pa 11 mukangoyatsa TV, latopa. Batire la galimoto linapangidwira kuliza injini kwa masekondi, osati kutapidwa usiku wonse, n'chifukwa chake silikhalitsa pa sola.

Ma volt 12 sagwira nyesi, koma batire limatulutsa ma amp mazanamazana sipanala ikagwera pa mitu yonse iwiri. Ikani fyuzi pafupi ndi mutu wa +. Potchaja limatulutsa mpweya woyaka, ndiye kandulo, koloboyi ndi fodya zikhale kutali. Batire lotupa, lotentha kapena lonunkha ngati mazira owola lichotseni pa chaja ndipo lisagwiritsidwenso ntchito.

## 5. Mayunitsi akutha msanga

Yuniti imodzi ndi ma watt 1,000 kwa ola limodzi. Ma watt × maola ÷ 1,000.

- Zotenthetsa. Nyemba pa mbaula ya ma watt 1,500 kwa maola 2 ndi mayunitsi 3. Giza ya ma watt 3,000 ikamatenthetsa maola 2 patsiku ndi mayunitsi 180 pamwezi. Babu la LED la ma watt 9 kwa maola 6 tsiku lililonse ndi 1.6 pamwezi wonse. Kukalipira ana chifukwa cha babu pamene giza ili yoyaka usana ndi usiku n'kulakwitsa pofunika kuyang'ana.
- Filiji yosapuma. Labala wa pachitseko akatha, mota siima. Tsekerani pepala pachitseko, likamasololoka mosavuta labala ngwofunika kusintha.
- Mababu akale a ma watt 100: limodzi, kwa maola 6 patsiku, ndi mayunitsi 18 pamwezi.
- Pali china cholumikizidwa chimene simukuchidziwa, kapena magetsi akuthawira pansi.

Mita yanu ingakuuzeni. Ili ndi kanyali kophethira, ndipo pafupi pake pamalembedwa nambala. Ngati palembedwa 1000 imp/kWh, kuphethira kulikonse ndi 1Wh. Werengani kwa mphindi imodzi, chulukitsani ndi 60, mwapeza ma watt amene nyumba ikukoka: kakaphethira ka 25 ndi ma watt 1,500. Zimitsani ndi kuzula zonse. Kakamaphethirabe, itanani mmisiri. Mita yeniyeniyo ndi mawaya ochokera pa pholo ndi za ESCOM, ndipo kuzigwira ndi mlandu.

## 6. Masamu sakugwirizana ndi multimeter

Izi zimavuta ophunzira ndi amisiri oyamba kumene.

1. Kuiwala kusintha mA ndi kW. 250mA ndi ma amp 0.25. Pa ma volt 12, 12 ÷ 0.25 = ma ohm 48. Wolemba 250 amapeza 0.048. Chimodzimodzi 1.5kW ndi ma watt 1,500.
2. Kuyeza babu lozizira. Babu lakale la ma watt 100 likayaka lili ndi ma ohm 529, koma lozizira limasonyeza cha m'ma 40. Resistance ya kawaya ka mkati imakwera kakatentha. Element ya ketulo ndi ya simbi sizisintha kwambiri chonchi, n'chifukwa chake zimayezeka bwino.
3. Kuyeza ma ohm a chaja, babu la LED, TV kapena mota. Nambala yotulukayo siikuuzani ma watt. Pa mota ndi pa zinthu zambiri za mtundu umenewu, ma volt × ma amp amatulutsa VA, imene imaposa ma watt enieni. Pogula inverter kapena jenereta onetsetsani kuti nambala yalembedwayo ndi iti.
4. Timawaya ta multimeter tili ndi resistance yake. Tikhudzitseni tokha, chimene chasonyezacho muzichotsera poyeza zinthu za ma ohm ochepa. Zala zisagwire nsonga zake, ndipo kabatire ka mkati kakafooka manambala amasokonekera.
5. Kawaya kofiira katsala pa bowo la 10A. Mukayeza voltage katero, mwapanga shoti kudzera mu multimeter. Pa batire fyuzi yake imapsa, pa 230 ikhoza kukuphulikirani m'manja. Ma ohm nawonso sayezedwa pa chinthu chimene chili ndi moto.

## Zosayesa n'komwe

Mpopi, chitseko cha filiji, kuka kapena malata zikamagwira nyesi, ngakhale pang'ono, zimitsani main switch ndipo musayatsenso mpaka mmisiri aone waya wa earth, umene umapititsa pansi magetsi othawa. Thupi lonyowa likhoza kukhala ndi ma ohm pafupifupi 1,000 okha. Pa ma volt 230 amenewo ndi ma amp 0.23, pamene 0.05 yokha ikhoza kusokoneza kugunda kwa mtima. Chimodzimodzi nyumba ikalowa madzi, mphenzi ikagwa pafupi n'kusiya masoketi akuda, kapena waya wa pa pholo akagwera pansi: musayandikire, letsani ana, imbirani ESCOM.

Mmisiri wokhudza mawaya a nyumba akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo kufunsa kuti muchione si chipongwe. Akafika muuzeni breaker imene ikugwa ndi nambala yake, nthawi imene imagwa, zimene zinali zoyaka ndi ma watt ake.

Munthu akagwidwa ndi nyesi musamugwire ndi manja. Zimitsani kaye, kapena mukankheni ndi mtengo wouma inu mutaima pouma. Ngati sakupuma, yambani kupsinja pachifuwa mwamphamvu ndi mofulumira wina akufuna galimoto. Ngakhale adzuke n'kunena kuti ali bwino, mupite naye ku Zomba Central Hospital kapena chipatala chimene chili pafupi tsiku lomwelo, chifukwa kuvulala kwa mkati ndi kusokonekera kwa mtima sizioneka pakhungu.